Tulo ta Elube M'tsinde mwa Phiri

Kuseri kwa phiri la Mulanje, ukafunsa za Elube Khoviwa, anthu amayamba kukuuza za miyendo yake. Za usiku uja amakuuza pomaliza, ndipo pofika pamenepo amatsitsa mawu.

Elube anali mayi wogulitsa nthochi ndi nanazi. Kuyambira ali mtsikana ankakwera ndi kutsika zitunda dengu lili pamutu, moti atalowa mpikisano wa chaka ndi chaka wothamanga kukwera phiri n'kukatsikira mbali ina, anapezeka ali m'gulu la akazi otsogola. Kenako anakwatiwa ndi a Wayisoni, mlonda wa ku esiteti ya tiyi, nabereka mwana wamkazi dzina lake Sungeni. Apo anthu anati basi, zothamanga zatha.

"Mwendo wa ntchembere ndi wa kumtondo ndi kumadzi," ankatero amayi ake. "Phiri lisiyire atsikana."

A Wayisoni okha ndi amene sanamufooketse. "Kayeseni, amake Sungeni," anatero. "Mukalephera tidzaona ndi maso athu kuti mwalephera, osati kumangomvera za anthu."

Choncho Elube anayambiranso. M'mawa uliwonse mwamuna wake akaweruka ku ntchito, ankamusiyira mwana n'kulowa m'njira za m'phiri. Poyamba chifuwa chinkatentha ngati wameza makala, koma pang'onopang'ono miyendo inakumbukira ntchito yake. Zonse zinkayenda bwino mpaka sabata ya mpikisano, pamene Sungeni anayamba kumera mano.

Masana mwanayo ankasewera bwinobwino. Dzuwa likangolowa, mfuu. Bere ankakana, kumsana ankakana, pamphasa ankakana. Elube ankangozungulira naye m'nyumba mpaka kunja kuyera. Pofika Lachinayi anagona chokhala pamsika, mbuzi n'kumudyera phava lonse la nthochi iye osamva kanthu.

A Namalomba, bambo amene kale ankanyamulira alendo katundu m'phirimo ndipo tsopano ankaphunzitsa othamanga, anamuyang'ana m'maso n'kupukusa mutu.

"Iwe Elube, maso akowa afiira ngati a munthu wosuta. Tamvera. Phiri ili limakhululukira wa njala, limakhululukira wa nsapato zong'ambika, koma wa tulo ayi. Potsika paja pamiyala yoterera, diso likangophethira nthawi yolakwika, tikakutola kuphompho. Mawa usiku ugone. Ndikaona kuti sunagone, sindikulola kuyamba."

Othamanga ochokera kutali ankagona m'kalasi pasukulu ina ya pulayimale, kufupi ndi poyambira mpikisano. Usiku wa Lachisanu umenewo a Wayisoni anali pa ntchito, ndipo anagwirizana kuti adzabwera panjinga mbandakucha kudzatenga mwana. Amayi ake a Elube anakana kutsala naye. "Unaziyamba wekha," anatero. Ndiye Elube anafika pasukulupo madzulo, Sungeni ali kumsana, kachikwama ka nsapato kali m'manja.

Inali nyengo yozizira, chiperoni chitakuta phiri lonse. Amayi ndi atsikana anayala mphasa ndi masaka pansi, nazimitsa tochi. Sipanapite nthawi, Sungeni anayamba.

Poyamba anzakewo anapirira. Wina anayesa kumunyamula, wina anati amupake mchere m'nkhama. Koma kulira kutapitirira, anthu anayamba kutembenuka ndi kutsonya. Pomaliza mtsikana wina anadzuka n'kukhala tsonga.

"Achemwali, musatione ngati oipa mtima. Koma mawa tonse tili ndi phiri lomwelo."

Elube anadzuka. Ankadziwa kuti mtsikanayo akunena zoona. Anabereka mwana, natenga kachikwama kake, n'kutuluka. Anakhala kaye pakhonde, koma mawu a Sungeni ankalowabe pa mazenera opanda magalasi aja. Anaganiza zoyendako pang'ono mumsewu, mwina mwana angagone ndi kugwedezeka.

Mwezi unalipo koma unabisika m'nkhungu, moti msewu unkangooneka mbuu. Agalu a m'midzi ankauwa uku ndi uku. Elube anayenda akusisita mwana kumbuyo, misozi ya kutopa ikutsika yokha. Anadutsa kamlatho ka matabwa, ndipo atangoponda tsidya linalo, agalu onse anangoti zii, ngati wina watseka chitseko.

M'malo mwake anamva mtondo. Gu, gu, gu, chapatali, kumunsi kwa msewu. Anaima. Ndani amasinja usiku ngati uno? Mphepo inabweretsa fungo la dothi lonyowa, fungo lija la mvula yoyamba, chonsecho mvula inali itasiya kalekale.

Anapisa dzanja kumbuyo kuti akonze mutu wa mwana, napeza kuti kachipewa ka ulusi kamene anamuveka kagwa. Anabwerera mpaka pamlatho akuyang'ana pansi, osakapeza. Atatembenukanso, kutsogolo kwake kunali kutaima mayi.

Sanamumve akubwera. Anali wa msinkhu ngati wake womwewo, atafunda chitenje kumutu, nkhope ili mumthunzi. M'munsi mwa chitenje chake munali matope. M'dzanja anagwira kachipewa kaja.

"Mwataya aka, achemwali."

"Zikomo," anatero Elube polandira. "Koma mwakatola pati? Poti inu mukuchokera kutsogoloku."

Mayiyo anasuzumira mwana kumsana kwa Elube. "Mwanayu walira nthawi yaitali. Takhala tikumumva kuyambira madzulo."

"Pepani. Ndi mano."

"Ndikudziwa. Wanganso anali pomwepo."

Elube anamva mawu akuti anali, koma sanafunse. Sungeni anakuwanso, akuponda miyendo.

"Inu ndinu mmodzi wa othamanga aja," anatero mayiyo. "Mawa muli ndi ulendo. Kwathu ndi pompano. Tiyeni mukagone."

Mwana aliyense wa m'tsinde mwa phiri amakula akudziwa kuti munthu wokumana naye usiku sumutsatira. Elube ankadziwa zimenezo. Koma thupi likatopa kupitirira muyezo, nzeru zimakhala ngati mawu a munthu woitana ali tsidya la mtsinje. Anaona miyendo yake ikutsata yokha.

Anasiya msewu n'kulowa kanjira kodutsa pakati pa miyala ikuluikulu. Mayiyo anali patsogolo, Elube pambuyo, koma mapazi omveka anali a munthu mmodzi. Atayenda pang'ono, nyumba zinayamba kuoneka m'nkhungumo. Kwinakwake munthu anatsokomola. Kwina anthu ankalankhula motsitsa mawu. Mtondo uja unamveka pafupi, kenako unaleka. Unali mudzi ndithu, koma Elube ankamva kuti china chake chikusowa, ndipo anachizindikira atafika pakhomo. Mudzi wonsewo, m'nyengo yozizira chotero, munalibe fungo la utsi.

Nyumbayo inali yasimenti pansi. Pakona pankayaka koloboyi, ndipo ngakhale mphepo inkalowa pakhomo, lawi lake linangoima chilili osagwedezeka. Mphasa inali yoyalidwa kale.

"Khalani pansi," anatero mayiyo. "Mwanayo mundipatse."

Elube anagwira mfundo ya mbereko pachifuwa. "Sazolowera anthu achilendo."

"Ndingomunyamula. Sindipita naye kulikonse." Mayiyo anatambasula manja onse awiri. "Manja angawa akhala nthawi yaitali opanda ntchito."

"Mundibwezera?"

Mawuwo anangotuluka okha. Elube anachita manyazi, poti si funso lofunsa munthu amene wakulandira m'nyumba mwake. Koma mayiyo sanaseke, sanakwiyenso. Kunja manong'onong'o aja analeka, ngati mudzi wonse ukudikira yankho.

"Ndikubwezerani," anatero pomaliza. "Kukamacha mudzamupeza pambali panu. Ndanena onsewa akumva."

Elube anamasula mbereko. Popereka mwana, zala zake zinakhudza za mayiyo, ndipo zinali zozizira ngati mwala wa mumtsinje. Elube anafuna kumulandanso mwana wake. Koma nthawi yomweyo Sungeni anasiya kulira. Anangoti fwee, kupuma kwa mwana amene walira kwambiri, n'kutsamira mutu paphewa la mayiyo.

Mayiyo anakhala pansi chofulatira, nayamba kuyimba. Inali nyimbo ya Chilomwe chakale, chimene Elube ankangomva mawu apo ndi apo. Inkayenda pang'onopang'ono, osakwera, osatsika. Itabwerezedwa kangapo, kunja ena anayamba kuvomera chamumtima, osatsegula pakamwa. Anali ambiri. Munali mawu a amayi, a abambo, ndi ena aang'ono kwambiri.

Elube anagona chammbali, atatsamira kachikwama kake, nalumbira mumtima kuti diso sachotsa pa mwana wake. Ankaona msana wa mayiyo ukugwedezeka, ndi kaphazi ka Sungeni kakulendewera. Zikope zinkalemera. Ankazitsegula, zinkagwanso.

Sanadziwe kuti panapita nthawi yotani pamene anamva munthu ataima pakhomo. Anali mwamuna, mawu ake otopa.

"Mwamupeza mwana?"

"Si wathu uyu," anayankha mayiyo. "Ndi wobwereka."

"Madzi akubwera. Tiyeni naye kumtunda."

"Ndati ndi wobwereka. Mayi wake ali ndi ulendo mawa. Chokani pakhomopo, mumudzutsa."

Pamenepo Elube anamva phokoso lochokera kumwamba kwa phiri. Linayamba ngati galimoto yaikulu ili kutali, kenako linakula, miyala ikugundana, mitengo ikuthyoka, madzi akusefukira. Pansi pankanjenjemera. Aliyense wa kudera limenelo amalidziwa phokoso limenelo, ngakhale amene anangolimva posimbidwa. Ndi la napolo, pamene phiri limang'ambika n'kutsika ndi matope ndi miyala. Elube anafuna kudzuka, kukuwa, kulanda mwana n'kuthawa, koma thupi linakana ngati lamangidwa pamphasa.

Dzanja lozizira linamugwira pamphumi.

"Gonani, achemwali. Zimenezo zinadutsa kale."

Phokoso lija linazilala, nyimbo inabwerera. Ndipo Elube anagona. Anagona tulo tofa nato, topanda maloto, tulo timene anali asanagonepo chibadwire mwana wake.

Chinamudzutsa ndi belu la njinga, ndi mawu a mwamuna wake akuitana chapatali. Anatsegula maso, naona thambo. Denga panalibe. Makoma panalibe. Anali atagona pa simenti yong'aluka, udzu utamera m'ming'alu, ndipo mbali zonse kunali miyala ikuluikulu, ina yoposa nyumba, ndi timitengo tating'ono tomera pakati pake. Mame anali ponseponse, koma pamene anagona iye panali pouma.

"Sungeni!"

Mwanayo anali pambali pake, atakulungidwa bwino m'mbereko, chipewa chili kumutu. Elube anaika khutu pachifuwa chake. Ankapuma. Anali wofunda ngati wagona pafupi ndi moto. Pansalu ya mberekoyo, kumsana kwa mwana, panali zidindo ziwiri za manja, za matope ofiira ouma.

Sungeni anayasamula, natsegula maso n'kumwetulira. M'nkhama zam'munsi munali titatuluka timano tiwiri toyera.

A Wayisoni anatulukira pakati pa miyala akuthamanga, a Namalomba ali pambuyo. Anali atamufuna pasukulu, mumsewu, mpaka kumtsinje. A Wayisoni analanda mwana n'kuyamba kumuyang'ana manja, miyendo, m'maso. Koma a Namalomba anaima patali ndi simentiyo, navula chipewa.

"Wagona pamenepa?" anafunsa.

"Ndagona. Kunali mayi wina, anandiitana. Panali nyumba pano, a Namalomba. Panali mudzi."

"Unalipo," anatero bamboyo. Anayang'ana miyala ija. "Chaka chija phiri linang'ambika, linatsikira pano usiku, anthu ali m'tulo. Amene tinawapeza tinawaika. Ambiri ali pansi pa miyalayi."

A Wayisoni anaona zidindo zija pansalu. "Amake Sungeni, tiyeni kunyumba. Tikaitane abusa. Za mpikisanozi zisiyeni, izi si zabwino."

Elube anaimirira. Thupi linali lopepuka, mutu uli mbee ngati madzi a pakasupe. Mantha analipo, sanganame. Koma pansi pa manthawo panali china chachikulu kuposa mantha.

"Abambo ake Sungeni," anatero, "munthu uja wandilerera mwana usiku wonse kuti ine ndigone. Ena amafuna kumutenga, iye anakana. Wandibwezera monga analonjezera. Ndiye ndibwerere kunyumba osathamanga? Ndidzati anavutikiranji?"

A Namalomba anamuyandikira, namuyang'ana m'maso monga anachitira Lachinayi lija.

"Maso ayera," anatero. "Munthu wagona uyu. Yamwitsa mwana, uvale nsapato. Nthawi yatha."

Mpikisano unayamba dzuwa litangotuluka. Pokwera, Elube sanathamangire kutsogolo. Analola atsikana amudutse, iye akuponda mwakachetechete, kupuma kukuyenda bwino. Chapakati pa chitunda anayamba kuwapeza mmodzimmodzi, ena atagwira mawondo, ena atakhala pamwala. Pamwamba nkhungu inali yambiri moti munthu wa patsogolo ankangomveka mapazi. Anadutsa m'udzu wonyowa, nawoloka timitsinje tozizira, mpaka anafika potsika.

Pamenepo ndi pamene a Namalomba ankanena. Njira imatsika pathanthwe lopendekeka, madzi akuyenderera pamwamba pake, ndipo kumanzere kuli phompho limene pansi pake sipaoneka. Elube anatsika mofulumira, diso lili pa phazi lililonse. Chapakati, mwala umene anaponda unasuntha. Phazi linapita, thupi linapendekera kumanzere. Koma diso linali litaona kale muzu wotuluka m'mng'alu, ndipo dzanja linaugwira iye asanaganize n'komwe. Mwala uja unagubuduka n'kugwera kuphompho. Anaumvetsera, koma sanaumve ukufika.

Anakhala chogwira muzuwo kamphindi, bondo likutuluka magazi. Ankadziwa bwino lomwe kuti Elube wa dzana, uja anadyetsa nthochi kwa mbuzi, muzu umenewo sakanauona.

Anafika kumapeto ali wachitatu mwa akazi onse. Amayi a m'mbali mwa msewu anaimba nthungululu, ena akufuula kuti ntchembere yawaonetsa atsikana. Mtsikana uja anamudandaula m'kalasi anafika pambuyo pake, namukumbatira akupuma wefuwefu.

"Achemwali, munakagona kuti? Ife titadzuka tinachita mantha."

"Kwa abale," anatero Elube.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Elube anatenga tsache ndi ufa pang'ono m'kambale, nauza mwamuna wake kuti akufuna kubwerera kuja. A Wayisoni anakana, anakananso, koma pomaliza anatulutsa njinga. "Mlendo sachoka osatsanzika," anatero Elube.

Masana malowo anali wamba. Abuluzi ankaothera dzuwa pamiyala, kutali ana ankaweta mbuzi. A Wayisoni anaima m'kanjira atagwira njinga, osafuna kuyandikira. Elube anakhazika Sungeni pasimenti paja, nasesa ponse, nazula udzu wa m'ming'alu. Anathira ufa uja pakona pamene panali koloboyi. Kenako anagwada n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Achemwali, dzina lanu sindinafunse, mundikhululukire. Ndabwera kudzakuuzani kuti ndinagona, ndinathamanga, ndipo phiri ndatsika ndi moyo. Mwana munandibwezera. Ndilibe chokupatsani choyenera. Zikomo."

Palibe chinayankha. Mphepo sinawombe, tsamba silinagwedezeke.

Koma Sungeni, amene ankaseweretsa kamwala, anakasiya. Anatembenukira kumbali kumene kunalibe munthu, nayang'ana m'mwamba pang'ono, pa msinkhu wa munthu woimirira. Anaseka, timano tija tili poyera, n'kukweza manja onse awiri.

"Amake Sungeni," anatero a Wayisoni, mawu ali pansi. "Tengani mwanayo."

Elube sanathamange. Anaimirira, nanyamula mwana wake, namuika kumsana n'kumanga mbereko mfundo ziwiri. Anayang'ana kumene mwanayo ankayang'ana, nawerama pang'ono.

"Lero ayi, achemwali. Lero ndimubereka ndekha. Inunso mupumeko."

Anatsata mwamuna wake m'kanjira ka pakati pa miyala, osacheuka. Sungeni yekha ndi amene anapotoza khosi, akuyang'anabe kumbuyo, mpaka anawoloka mlatho.